Tikeke ta Mandimu ndi Botolo la aNyagoma

MUTU 5

1. Nyachulu

Tisiyenji sankaufuna mudzi wa ku Tembwe. Ndipo sankabisa. Fumbi lake linkamunyansa. Madzi a pa mjigo ankati akununkha chitsulo. Atambala ankati alibe ulemu. Ngakhale dzina lake lomwe linkamuwawa, chifukwa kuno anthu ankalitchula lonse mpaka kumchira. Ku Lusaka anali Tisi basi.

Anafika mu Januwale, mvula ili pakati. Ntchito ya atate ake itatha, ana anagawidwa kwa achibale ngati nkhuku za munthu wosamuka. Iye anagwera kwa mlongo wa atate akewo, aNyagoma, mayi wamasiye wolima m'chigwa cha Luangwa. Anayamba giredi naini pa sukulu ya pafupi, kalasi imodzi ndi Beauty, mwana wa aNyagoma.

Akaweruka sankapita kumunda. Sankapita kumjigo. Ankakwera chulu cha kuseri kwa nyumba, chifukwa foni inkagwira pamenepo pokha. Ankaima pamwamba, mkono m'mwamba, ngati munthu woimitsa basi. Ana a m'mudzi anamupatsa dzina: Nyachulu.

M'dera lonselo munthu amene Tisiyenji ankamuwerengera anali mmodzi yekha, Irene. Uyu anali mwana wa aCathrine, nesi wa pachipatala, amene anatumizidwa kuno kuchokera ku Kabwe. Kwawo kwa Irene kunali sola, filiji ndi makatani. Kwa Tisiyenji, kumeneko ndiko kunali anthu. Kwina konseku kunali tchire.

Sabata yotsekera sukulu, pa nthawi yopuma, Irene anamuitana. Maso anali pa zikhadabo zake.

"Loweruka ndi tsiku langa lobadwa. Ubwere ngati ufuna."

"Ndibwera. Ndikubweretsere chiyani?"

"Chilichonse. Koma osati mbatata. Inu a m'mudzi mumakonda kunyamula mbatata."

Inu a m'mudzi! Mawuwa anamubaya ngati minga. Madzulo ake anakwera chulu ali ndi ukali. Anafufuza, anafufuza, mpaka anapeza kanema. Mayi wina wa kunja ankaphika tikeke ting'onoting'ono ta mandimu m'khitchini yoyera mbee. Ankatitcha mamafini. Tinali tachikasu, todzaza madontho akuda. Madonthowo ankati ndi njere za popi.

"Eya," anatero Tisiyenji. "Aona ngati ndine wa mbatata."

2. Botolo la pa phaso

Fulawa ndi shuga zinalipo. Amayi ake anamutumizira pa basi mwezi watha, ndipo iye anazibisa m'sutikesi kuti ena asalaweko. Mandimu anali mbwee pa mtengo wa pakhomo. Mazira nkhuku zinaikira. Chosowa chinali chimodzi.

Anawapeza aNyagoma m'khitchini akupeta mpunga.

"Anti, kuno popi mumamudziwa?"

"Anti unawasiya ku Lusaka. Ine ndine ankhazi ako."

"N'chimodzimodzi. Taonani apa."

Anawaonetsa foni. ANyagoma anatsinzina diso limodzi. Beauty nayenso anasuzumira.

"Ichi si chikondamoyo ichi? Angochichepetsa," anatero Beauty.

"Chikondamoyo! Iwe dziko unalionera pa mjigo. Awa ndi mamafini."

"Ngati vuto ndi tinthu takudato," anatero aNyagoma, "kuseri kwa khola kuli bonongwe wokhwima. Kapulule ngala zake, upete. Njere zake n'zakuda, ndipo zimadyedwa."

"Bonongwe? Wa pamene zimakodzera mbuzi? Awe, anti. Ine ndikupita kwa anthu."

ANyagoma anaweramiranso pa lichero. Anapitiriza kupeta. Koma anaona kumene maso a mtsikanayo anapita. Pa phaso la denga, pamene pamafika utsi, panali botolo laling'ono limene kale munali mankhwala a chifuwa. Munali njere zakuda, zozungulira, zosakaniza ndi phulusa. Sizinafike ndi pakati pomwe.

Iwo anaika lichero pansi.

"Khala pansi, Tisiyenji. Ndilankhula kamodzi.

"M'botolo umo muli mbewu ya mpiru. Si wa m'sitolo ayi. Wa m'sitolo kuno umafota dzuwa likangoyamba kuwawa. Uwu ndi mpiru wa makolo athu, umene umapirira kutentha kwa chigwa chino. Chaka chilichonse amayi a mudzi uno timasankha nyumba imodzi yosunga mbewu. Nyumbayo imasiya bedi lake limodzi osathyola, kuti lichite maluwa. Ulendo uno nyumba yake ndi ino.

"Chaka chatha njovu zinatsikira ku dimba mbewu isanaume. Zinaponda bedi lonse. Zimene ukuonazo ndinachita kutola ndi zala, nditagwada m'matope. Mu Malichi muno njovu zomwezo zadya chimanga chathu. Nkhokwe waiona wekha. Manje madzi aphwera, madimba akutidikira. Mpiru umenewo ndiwo tidzadye, ndiwo tidzasinthanitse ndi ufa kufikira mvula. Osati ife tokha. Nyumba zonse za mudzi uno.

"Lamlungu tikachoka kutchalitchi amayi adzabwera. Aliyense adzanyamula kachitsekerero ka botolo la zakumwa. Muyeso wake ndi umenewo. Kachitsekerero kamodzi, dimba limodzi.

"Mbewu sadya, mwana wa mlongo wanga. Chaka cha njala yaikulu agogo ako anatidyetsa mizu ndi gaga. Ine ndi atate ako tinkalira mpaka mawu kutha. Mbewu inali pa phaso, sanaikhudze. Ankati wodya mbewu wadya mawa la anzake. Nyumba yodya mbewu imachotsedwa pa mzere. Sisunganso, ndipo pogawa imadumphidwa. Ukafuna mandimu, thyola. Ukafuna mazira, tenga. Koma botolo ilo, ngakhale kulinunkhiza usalinunkhize. Wamva?"

"Ndamva," anatero Tisiyenji, chala chili pa foni.

Atatuluka panja anaseka chamumtima. Ulaliki wonsewo chifukwa cha ndiwo! Ku Lusaka mpiru amaupondaponda pa msika.

3. Utsi

Loweruka m'mawa aNyagoma ananyamula khasu ndi ndowa, ulendo wa ku dimba kukakonza mabedi. Beauty anatsala kuti achape zovala.

Uvuni kunalibe. Tisiyenji anachita mmene amayi a ku Tembwe amachitira, ngakhale sakanavomera kuti anaonera iwo. Anasonkha mbaula. Anathira mchenga pansi pa poto wamkulu. Anatsuka tizitini takale, napakamo mafuta ophikira. Anapala makoko a mandimu ndi chitini choboola ndi msomali. Anaswa mazira. Anafinya madzi a mandimu. Anathira fulawa, shuga ndi soda. Fungo linakoma. Phala lake linali lachikasu, losalala.

Koma linalibe madontho.

Anayang'ana kukhola. Bonongwe anali pomwepo, ngala zitawerama, ntchentche zikuzungulira. Anayang'ana pa phaso. Anakoka mtondo, anaugadabuza, nakwerapo.

"Nyachulu, tsika!" Beauty anaima pakhomo, thovu lili m'manja. "Amama anati chiyani?"

"Masupuni awiri okha. Adziwa bwanji? Amaziwerenga?"

"Masupuni awiri ndi madimba a anthu."

"Madimba, madimba. Inu mukangotsegula pakamwa pamatuluka dimba. Kachape, iwe."

Anathira njere mu sefa kuti phulusa lichoke. Sefayo inali yakale, yong'ambika pakona. Zina zinagwera pansi. Nkhuku zinathamangira. Beauty anagwada kuti atole, koma nkhuku zinali zachangu kuposa iye.

Tisiyenji anasakaniza. Anadzaza tizitini, natikhazika pa mchenga. Anavindikira ndi lata, nathira malasha a moto pamwamba. Kenaka anakumbuka kuti mathero a kanema uja sanawaone bwino. Anathamangira ku chulu.

Foni inagwira. Kunabwera uthenga wa mnzake wa ku Lusaka. Anayankha. Kunabwera chithunzi. Anaseka. Kunabwera nyimbo. Anavina pang'ono. Atacheuka, utsi wakuda unali kutuluka m'denga la khitchini.

Anapeza Beauty ataphula kale poto. M'tizitini munali malasha.

"Moto wa pamwamba unachuluka," anatero Beauty. "Ndinakuitana. Unali ku Lusaka."

"Bwanji sunachepetse?"

"Unati ndikachape."

Tisiyenji analuma mlomo. Fulawa wotsala anali wokwanira ulendo umodzi wokha. Anayambanso. Nthawi ino sanachoke. Phala litakonzeka, anatenganso botolo.

Beauty anamugwira dzanja.

"Tisiyenji, chonde. Zatsala pansi penipeni. Amama adzachotsedwa pa mzere. Ndikapulule ine bonongweyo, ndikutsukire bwinobwino. Irene sangasiyanitse."

"Ine ndidziwa. Sindingapereke za kukhola kwa mwana wa nesi. Ndisiye!"

Anakoka dzanja mwamphamvu. Botolo linapendama. Njere zonse zinakhuthukira m'phala, ndi phulusa lomwe.

Onse awiri anasuzumira m'phalamo.

"Usatakase!" anakuwa Beauty. "Zili pamwamba. Tiwole ndi supuni, titsuke, tiyanike. Zimerabe."

Zinali zoona. Njere zinali zitakhala mulu pamwamba, zouma. Kuwola kukanatheka. Koma phala likanachepa, madontho akanasowa, ndipo dzuwa linali litafika pamutu. Phwando linali masana omwewo.

Tisiyenji anatenga mthiko. Anatakasa.

Beauty anawerama. Anatola botolo, analitseka, analibweza pa phaso. Kenaka anabwerera ku zochapa zake, misozi ikugwera m'beseni.

4. Kwa anthu

Ulendo uno tikeke tinapsa bwino. Tinafufuma. Madontho anachuluka kuposa a m'kanema, koma Tisiyenji anati kuchuluka ndiko kulemera. Anatiika m'mbale ya pulasitiki, anaphimba ndi kansalu koyera, anavala nsapato zake za ku Lusaka. Panjira amayi ena ochokera kumjigo anamupatsa moni. Iye anangogwedeza chibwano.

Kwa Irene kunali ana a aphunzitsi ndi a ogwira ntchito pachipatala. Wailesi inkalira. Patebulo panali keke yaikulu yapinki imene inabwera pa basi kuchokera ku Lundazi. Tisiyenji anavundukula mbale yake pambali pake penipeni.

"Mamafini a mandimu ndi popi," anatero mokweza. "Ndaphika ndekha."

"Popi? Ku Tembwe?" Wofunsayo anali Jeff, mlongo wake wa Irene, mnyamata wa pakamwa. Anatola kamodzi, anaponya konse m'kamwa. Anatafuna. Mano anakumana ndi phulusa. Nkhope inakwinyika.

"Iyee! Keke yonunkha ndiwo! Irene, bwera ulawe. Ingofunika nsima."

Ana anaseka. Irene ananyema kachidutswa ndi nsonga za zala. Ananunkhiza. Anabweza m'mbale, napukuta zala pa nsalu ya patebulo.

"Bola ukanabweretsa mbatata," anatero.

Kuseka kunakula. Tisiyenji anacheukira uku ndi uku. Maso amene iye ankayang'ana nawo amayi a pa mjigo, lero anali pa iye. Sanadziwe kuti amawawa chonchi.

Pamenepo aCathrine anatuluka m'nyumba atanyamula makapu. Anafunsa chimene chinkasekedwa. Anatenga kakeke kamodzi, anakanyema pakati, anakanda njere ndi chala. Anaiyang'ana nthawi yaitali.

"Iwe ndiwe wa kwa aNyagoma?"

"Ndimangokhalako, anti. Kwathu ndi ku Lusaka."

"Sindinafunse kwanu. Iyi ndi mbewu ya mpiru. Wakupatsa ndani?"

Tisiyenji anayang'ana nsapato zake.

ACathrine anazimitsa wailesi.

"Jeff, tseka pakamwa. Nonse mverani. Miyezi ya dzuwa ikafika, ana obwera ku sikelo atatupa miyendo ndimawalandira ndine. Nyumba imene ili ndi dimba ndi imene ilibe ndimazidziwa osafunsa. Ndimangoona tsitsi la mwana. Ndiwo zimene mumadya m'nyumba muno, Irene, zimachokera ku madimba omwewo. Chaka chino chimanga kulibe. Amayi onse amene ndakumana nawo sabata ino akukamba za Lamlungu, za botolo la aNyagoma. Ndiye iwe waliphika. Kuti chiyani? Kuti ana awa akuombere m'manja?

"Kukhala wa m'tauni si nsapato, mwana iwe. Ku Kabwe konse, mwana woba m'nyumba imene imamudyetsa timamutcha dzina limodzi ndi kuno. Tenga mbale yako. Pita ukawauze ankhazi ako usanakhale pansi, usanamwe madzi. Lero ukadali ndi mlandu umodzi. Ukabisa, mawa udzakhala ndi iwiri. Bodza limakula msanga kuposa udzu wa pa dzala."

Tisiyenji ananyamula mbale. Palibe anamuperekeza. Atafika pa geti anamva wailesi ikuyambanso, ndi mawu a Jeff pamwamba pake.

"Ukapereke moni kwa mbuzi!"

5. Kuseri kwa khola

Tikeke anatitaya m'tchire la m'mbali mwa njira. Nyerere zinatilandira. Ndizo zokha zimene sizinanyoze.

Anafika kunyumba dzuwa litapendeka. ANyagoma anali atabwera, matope mpaka m'mawondo, akutsuka mapazi pa mwala. Ankaoneka okondwa.

"Mabedi atha," anatero. "Dothi lake lafewa ngati ufa. Nanga chikondamoyo chako anachilandira?"

Mpata wonenera unali womwewu. Beauty anasiya kuanula zovala. Anamuyang'ana.

"Anachikonda kwambiri, anti," anatero Tisiyenji.

ANyagoma atalowa m'bafa, iye anatenga lichero. Anazungulira kuseri kwa khola. Ntchentche sanazionenso. Fungo la mbuzi sanalimvenso. Nsapato za ku Lusaka zinamira m'ndowe. Anapulula ngala za bonongwe, anafikisa m'manja, anapeta mokhotakhota. Anasakaniza njere ndi phulusa. Anathira m'botolo kufika pamene mbewu inalekezera kale.

Beauty anamupeza akutsika pa mtondo.

"Manje bonongwe wakoma?"

"Zakuda ndi zakuda. Zikadzamera tidzati mbewu inawonongeka yokha. Ukangonena, ndinena kuti tinali awiri."

"Ine sindinena," anatero Beauty. "Koma ukuyesa amayi aja ndi akhungu? Iwe foni yako umaidziwa ndi kukhudza komwe. Iwonso mbewu yawo amaidziwa choncho."

"Ndi anthu a kumudzi," anatero Tisiyenji.

Koma mawuwo anatuluka opyapyala.

6. Tizitsekerero

Lamlungu atachoka kutchalitchi amayi anabwera, ena asanavule n'komwe zovala zopemphera nazo. Anakhala pa mphasa pansi pa mtengo wa mandimu. Aliyense anamasula kachitsekerero pa mfundo ya chitenje. Ankaseka. Ankanyogodolana za mabedi okhota.

"Lako lija ndi bedi kapena manda a njoka?"

"Lisiye. Chaka chatha unadya za momwemo."

Wamkulu wa onse, aNyazimba, anakhala kutsogolo. Anali nkhalamba, maso atayamba kuchita nkhungu.

Tisiyenji anayamba kuzemba, kulowera ku chulu.

"Tisiyenji," anaitana aNyagoma. "Ndiwe wamtali. Katenge botolo."

Anakatenga. Analipereka ndi dzanja limodzi, ali chilili. ANyagoma anamuyang'ana mpaka anagwada, nalipereka ndi manja awiri.

Wamkulu ndiye amayamba. ANyazimba anatambasula chikhato. ANyagoma anathira pang'ono. Nkhalambayo inauzira phulusa, inafikisa ndi chala. Sinayang'ane n'komwe.

"Mpiru umagubuduzika m'manja," inatero. "Uyu akuterereka. Nyagoma, mwana wanga, watiitanira bonongwe?"

Kuseka kunatha. Botolo linayenda dzanja ndi dzanja. Aliyense ankathira, kuyang'ana, kupatsa mnzake. Mayi wina wa mwana kumbuyo anabweza kachitsekerero kake pa chitenje, namanga mfundo pang'onopang'ono.

"Bonongwe tili naye kuseri kwa makola athu," anatero wina. "Mbewu yathu mwagulitsa kwa yani?"

"Kapena mwafesa nokha mwakachetechete."

"Munthu wa pemphero! Lero lomwe mumatsogolera nyimbo."

ANyagoma sanadziteteze. Anayang'ana botolo. Anayang'ana Beauty, amene anali atawerama. Anayang'ana nsapato za ku Lusaka pakhonde, ndowe zitaumirapo. Nkhope yawo inagwa.

"Mlandu ndi wa nyumba ino," anatero. "Ndichotseni pa mzere."

Sanatchule dzina la munthu. Sanaloze chala. Tisiyenji anadikira kuti atero, koma iwo anangoyala manja pa miyendo, matope a dzulo akadali m'zikhadabo.

"Ndine."

Mawuwo anatuluka m'kamwa mwa Tisiyenji ngati a kamwana.

"Kweza mawu," anatero aNyazimba. "Pa chulu paja timakumva mudzi wonse."

"Ndine, ankhazi. Ndinaphikira tikeke."

"Zonse?"

"Zonse."

"Nanga tikeketo tili kuti?" anafunsa aNyazimba. "Tipatse. Bola tilaweko mbewu yathu."

"Ndinataya."

Panalibe wotukwana. Bola akanatukwana. Mayi wa mwana kumbuyo uja analavulira pambali. Ena anangomuyang'ana monga amayang'anira munda umene njovu zadutsamo.

ANyazimba anakhuthula bonongwe wa m'manja mwawo. Nkhuku zinabwera.

"Tamvera, mwana wa ku Lusaka. Njovu ikadya chimanga timalira, koma sitiyinyoza. Ili ndi mimba yaikulu, ndipo sinamvepo mwambo. Iwe unamva. Njala unalibe. Unadya mbewu yathu kuti anthu akutame, ndipo sanakutame. Kenaka unatiyesa ana, kutipatsa udzu kuti tikathirire mwezi wathunthu. Chiyambire kubwera kuno sutipatsa moni. Ife sitinadandaule. Moni sadya. Koma lero walowa m'mbale za ana athu.

"Mpiru wotere watsala malo amodzi amene ndikuwadziwa. Ku Chikwa, kwa mng'ono wanga. Ndi munthu wouma mtima. Mbewu sapereka kwa wotumidwa. Amafuna kuona nkhope ya amene anadya. Chinyezi cha m'madimba sichidikira munthu. Mbewu ikafika dothi lisanaume, Nyagoma akhalabe pa mzere. Ikapanda kufika, nyumba ino idzadya tikeke chaka chonse. Ndatha."

Tisiyenji anadzutsa mutu.

"Ku Chikwa... basi yake imanyamuka liti?"

Apo amayi anaseka. Kunali kuseka kowawa, kopanda chimwemwe.

"Basi! Mwamumva? Akuti basi!"

ANyagoma anadzuka. Anatayira nkhuku bonongwe yense wotsala, anatseka botolo, analiika m'manja mwa Tisiyenji. Analowa m'nyumba. Anatuluka ndi nsapato za matayala, zakale, za malemu amuna awo. Anaziponya pa mapazi a mtsikanayo.

"Njira yachidule ndi ya m'thengo," anatero. "Imadutsa pamene njovu zimamwera madzi. Foni sigwira, chulu kulibe. Ine ndikuperekeza, koma wogwada kumeneko ndiwe. Tinyamuka mawa m'mawa."

Tisiyenji anayang'ana nsapatozo. Zinali zazikulu, zothetheka, za munthu wa kumudzi. Amayi onse ankamuyang'ana, tizitsekerero topanda kanthu tili m'manja.

Anawerama, nayesa phazi limodzi. Kumbali ya mtsinje, kumene njira ya ku Chikwa imalowera m'thengo, njovu inalira.